Pepala lokhazikika ku Britain m'thumba mulibe kanthu: zoyenera kuchita ngati mukuthawa nkhanza za m'banja kapena munathawa kwanu

Mu Epulo 2025 ndalama yolipira popempha chilolezo chokhala ku Britain mpaka kalekale, chija timangochitchula kuti ILR, inafika pa £3,029. Imeneyi ndi ya munthu mmodzi. Mayi wa ana awiri ndiye kuti ankafunika £9,087, loya asanamulipire n'komwe. Mitengoyi imakwera pafupifupi chaka chilichonse, choncho musanachite chilichonse yang'anani mtengo watsopano pa gov.uk.

Chiwerengero chimenechi chatsekera anthu ambiri m'nyumba zimene akumenyedwamo. Mwamuna amangoti, “Viza yako ili m'dzina langa, ukatuluka pano ubwerera kumudzi, ndipo ndalama za mapepala uzitenga kuti?” Mayi uja n'kukhala chete, viza itasanduka chingwe chomangira mbuzi pamtengo. Zimene mwamunayo sanena n'zakuti malamulo a dzikolo ali ndi njira yoti wozunzidwa m'banja apemphe ILR payekha, mnzake asakudziwa, ndipo ngati alibe ndalama asalipire olo kakobiri. Othawa kwawo nawonso ali ndi njira yawo yaulere. Chovuta n'chakuti njirazi zimafuna kuchita zinthu mwadongosolo lake, ndipo kulakwitsa chimodzi kumatha kukudyerani ndalama kapena viza imene.

Ndikunena kwambiri za amayi chifukwa ndiwo ambiri ozunzidwa, koma malamulowa sasankha. Bambo wozunzidwa ndi mkazi wake ali ndi ufulu womwewo.

Choyamba: dziwani mtundu wa viza yanu, ndipo ikhale m'manja mwanu

Zonse zotsatira zikudalira funso ili: chilolezo chomaliza chimene Home Office, unduna woona za anthu olowa m'dziko, inakupatsani chinali cha mtundu wanji?

Ngati chinali cha mkazi, mwamuna kapena bwenzi lokhala nalo limodzi la nzika ya Britain, la munthu amene ali kale ndi ILR, la msilikali wa dzikolo, kapena la munthu amene anavomerezedwa kukhala wothawa kwawo, mungathe kupempha ILR chifukwa cha nkhanza. Malamulo ake ali m'gawo lotchedwa Appendix Victim of Domestic Abuse, limene linayamba kugwira ntchito pa 31 Januwale 2024, ndipo fomu yake ndi SET(DV). Simufunika kudikira kuti zaka zisanu zikwane. Ngakhale viza itatha kale, khomo silinatsekeke, bola yomaliza ikhale ya mtundu umenewu.

Ngati munabwera motsatira mnzanu amene ali pa viza ya ntchito kapena ya sukulu, nkhani ndi ina. Apa ndi pamene pali Amalawi, Azambia ndi Azimbabwe ambiri amene anatsatira amuna kapena akazi awo ogwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala. Inu muli ndi thandizo la miyezi itatu limene ndifotokoze kutsogoloku, koma njira ya SET(DV) si yanu. Ndi chinthu chopweteka, ndipo mabungwe akhala akudandaula nacho kwa zaka, koma ndi bwino muchidziwe lero kusiyana n'kuchimva mutataya kale viza yanu. Amene anabwera pa viza yodzacheza kapena ya chitomero nawonso sali m'njira imeneyi.

Kenako fufuzani amene akusunga makiyi a viza yanu. Makhadi a BRP, amene ankasonyeza chilolezo chanu, anatha ntchito kumapeto kwa 2024, ndipo tsopano chilolezo chili pa intaneti, mu akaunti ya UKVI, nthambi ya Home Office yoona za maviza. M'mabanja ambiri mwamuna ndiye anatsegula akauntiyo ndi imelo yake ndi nambala yake ya foni. Zikakhala choncho, uthenga uliwonse wochokera ku Home Office ukufikira iye. Tsegulani imelo yatsopano pa foni kapena kompyuta imene iye saigwira, ya ku laibulale ndi yabwino, ndipo mukafika pamalo otetezeka musinthe imelo ndi nambala za mu akauntiyo. Jambulaninso pasipoti, setifiketi ya ukwati, makalata obadwira a ana ndi makalata onse a Home Office, zithunzizo mutumize ku imelo yatsopanoyo.

Mwamuna wanu alibe mphamvu yokuthamangitsani m'dziko. Chimene angathe ndi kuuza Home Office kuti banja latha, ndipo iwo akhoza kufupikitsa viza yanu, kawirikawiri n'kukusiyirani masiku 60. Kalata imeneyo ikapita kwa iye, masikuwo adzatha inu musakudziwa.

Chachiwiri: pogona kaye, mapepala pambuyo

Moyo ukakhala pangozi imbani 999. Ngati simungathe kulankhula chifukwa ali pafupi, imbani pa foni ya m'manja, mumvetsere, ndipo akakuuzani dinani 55. Ngati si zadzidzidzi, ku England imbani 0808 2000 247, nambala yaulere ya usana ndi usiku imene limayendetsa bungwe la Refuge. Ku Scotland ndi 0800 027 1234, ku Wales ndi 0808 80 10 800. Abambo ali ndi Men's Advice Line pa 0808 801 0327. Pemphani womasulira ngati Chingerezi chikukuvutani mukakhala ndi mantha.

Nenani msanga kuti viza yanu ili ndi lamulo lija loletsa kulandira thandizo la boma, limene amalilemba kuti NRPF. Nyumba zambiri zobisalako amayi zimalipiridwa ndi thandizo la boma la lendi, n'chifukwa chake zina zimavutika kulandira munthu wa NRPF. Musagwe ulesi akakukanani koyamba. Bungwe la Southall Black Sisters ku London, pamodzi ndi mabungwe anzake m'madera ena, lili ndi thumba lothandizira amayi otere pa lendi ndi chakudya kwa kanthawi. Mukapeza malo, funsani za Rail to Refuge, imene imapereka tikiti yaulere ya sitima kwa inu ndi ana.

Ngati muli ndi ana, pitani ku khonsolo ya dera lanu, ku ofesi yoona za ana. Gawo 17 la Children Act 1989 ku England, kapena gawo 22 la lamulo la ana la 1995 ku Scotland, limalamula khonsolo kuthandiza mwana amene ali pa mavuto, ndipo thandizo limeneli silili m'gulu la zoletsedwa ndi NRPF. Amayi ambiri amaopa kuti akapita kumeneko alandidwa ana. Umphawi pawokha si chifukwa cholandira mwana, koma ndi bwino kupita ndi munthu wa ku bungwe kuti akuyankhulireni.

Ponena za apolisi, chilungamo n'chakuti nthawi zina amauza a Home Office za munthu amene mapepala ake anatha. Ngati anu anatha ndipo simuli pangozi ya pompopompo, yambirani ku bungwe kapena kwa loya. Koma mpeni ukasololedwa, imbani 999 basi.

Chachitatu: pezani loya amene simudzamulipira

Ku England ndi ku Wales, nkhani zambiri za mapepala anazichotsa pa thandizo la boma la maloya, lotchedwa legal aid, koma anasiyapo nkhani za SET(DV) ndi za othawa kwawo. Ndiye kuti ngati mulibe ndalama, boma likhoza kukulipirirani loya. Ku Scotland kuli bungwe lakelake loona zimenezi, Scottish Legal Aid Board. Maloya otere ndi ochepa ndipo amakhala odzaza, choncho imbani kwa angapo tsiku limodzi. Rights of Women, Citizens Advice ndi malo otchedwa Law Centre angakulozereni koyenera.

Chenjerani ndi alangizi a m'makona. Pakati pathu sipalephera munthu, mwina wa ku tchalitchi komwe, amene amati amadziwa zolemba mafomu ndipo angofuna kangachepe. Ku Britain ndi mlandu kulangiza anthu za mapepala ngati ntchito popanda chilolezo. Mlangizi ayenera kukhala m'kaundula wa Immigration Advice Authority, imene kale inkatchedwa OISC, kapena akhale loya wovomerezeka. Dzina lake mukhoza kulifufuza pa intaneti kwaulere. Fomu yolembedwa molakwika imatha kukhala ndi mawu amene adzakutsutseni zaka zonse zikubwerazo.

Chachinayi: pemphani miyezi itatu ya MVDAC, koma mutafunsa kaye

Migrant Victims of Domestic Abuse Concession, mwachidule MVDAC, ndi chilolezo cha miyezi itatu chimene chimachotsa NRPF. Chinalowa m'malo mwa chakale chotchedwa DDVC mu Febuluwale 2024. Kupempha n'kwaulere, fomu yake ndi yaifupi, ndipo pa nthawiyi safuna mulu wa umboni. Mukachilandira mungathe kupempha Universal Credit, ndalama imene boma limapereka pamwezi kwa opeza zochepa, ndi thandizo la nyumba, mungathenso kugwira ntchito.

Apa imani pang'ono. MVDAC imalowa m'malo mwa viza imene muli nayo, ndipo yakaleyo sibwereranso. Kwa amene ali m'gulu la SET(DV) palibe vuto lalikulu, chifukwa akulowera ku ILR. Koma ngati ndinu wotsatira munthu wa viza ya ntchito kapena ya sukulu, mukhoza kutaya viza imene inatsala ndi zaka ziwiri n'kutsala ndi miyezi itatu yokha. M'miyezi imeneyo muyenera kupeza njira ina: viza ya ntchito yanuyanu, chilolezo chodzera mwa mwana amene ndi nzika ya Britain kapena wakhala m'dzikomo zaka 7, kupempha chitetezo ngati kubwerera kwanu kuli koopsa, kapena kubwerera kumudzi. Nthawi zina kuthawa ndi moyo n'kofunika kuposa zonsezi, koma musasaine musanamve kwa loya.

Lembani tsiku limene miyezi itatuyo ithere. Fomu ya SET(DV) iyenera kutumizidwa tsikulo lisanafike. Mukatero chilolezo chanu, pamodzi ndi thandizo la boma, chimapitirira mpaka atakuyankhani.

Chachisanu: tsegulani akaunti ya ku banki ya inu nokha

Isakhale ya banki imene mnzanuyo amagwiritsa ntchito, ndipo makalata asamapite ku nyumba yakale. Mabanki akuluakulu ali ndi akaunti yaulere yotchedwa basic bank account, ndipo kalata ya ku nyumba yobisalako imathandiza ngati mulibe keyala. Universal Credit imatenga pafupifupi masabata asanu kuti ndalama yoyamba ifike. Mukhoza kupempha kuti akupatseniko ina msanga, koma ndi ngongole imene adzidula pang'onopang'ono. Ngati Child Benefit, ndalama ya boma yothandizira kulera ana, imalowa mu akaunti ya bambo pomwe ana ali ndi inu, pemphani isinthidwe. Ngati anatenga ngongole m'dzina lanu mokukakamizani, uzani bungwe limene likukuthandizani. Bungwe la Surviving Economic Abuse limagwira ntchito pa nkhani zotere.

Chachisanu ndi chimodzi: sonkhanitsani umboni wa nkhanza

Home Office imafuna kuona kuti banja linatheratu chifukwa cha nkhanza. Nkhanza si zibakera zokha. Domestic Abuse Act 2021 imawerengeranso kuopseza, kulamulira moyo wa munthu, kumukakamiza zogonana, ndi kumumana kapena kumulanda ndalama. Kulandidwa malipiro onse, kubisiridwa pasipoti, kuletsedwa kupita ku ntchito kapena kulankhula ndi abale, zonsezi ndi nkhanza pamaso pa lamulo. Zochitidwa ndi apongozi kapena alamu nazonso zimawerengedwa ngati ndizo zinathetsa banja.

Sikuti mpaka munthuyo amangidwe. Chigamulo cha khoti kapena chenjezo la apolisi ndi umboni wamphamvu zedi, koma palinso wina: lamulo la khoti loletsa munthuyo kukuyandikirani, lotchedwa non-molestation order, limene kupempha kwake n'kwaulere, kalata yosonyeza kuti nkhani yanu inakambidwa ku MARAC, msonkhano wa apolisi ndi mabungwe woona za amene ali pangozi yaikulu, kalata ya ku nyumba yobisalako kapena ya wokuthandizani wotchedwa IDVA, zolemba za dokotala, mzamba kapena a khonsolo. Muli ndi ufulu wopempha kwaulere zonse zimene dokotala ndi apolisi analemba za inu. Pemphani msanga, chifukwa zimatenga mwezi kapena kuposerapo.

Mauthenga a pa WhatsApp musafufute, ngakhale akukupwetekani mtima. Ambiri mwa ife nkhani ikavuta timayamba taimbira ankhoswe kumudzi kapena abusa. Mauthenga amenewo, ngakhale aja okuuzani kuti banja ndi kupirira, amasonyeza kuti munadandaula pa tsiku lakutilakuti. Ngati ali m'Chichewa afunika kumasuliridwa ndi womasulira wovomerezeka, ndipo loya wa legal aid angakonze zimenezi.

Mudzalembanso mawu anu ofotokoza zonse kuyambira pachiyambi. Musachite manyazi kunena chifukwa chimene simunapitire ku polisi, kapena chimene munabwererako mutachoka. Fotokozani za mantha a viza, za ana, za abale amene anali kukukakamizani. Wowerenga fomu yanu sadziwa kulemera kwa mawu a ankhoswe pokhapokha mutamuuza.

Chachisanu ndi chiwiri: sonkhanitsani umboni woti mulibe ndalama

Apa ndi pamene anthu ambiri amapunthwa, chifukwa amaganiza kuti umphawi umaoneka wokha. Ku Home Office suoneka ngati sunalembedwe papepala.

Malipiro a SET(DV) amachotsedwa mukasonyeza chimodzi mwa izi: mulibe pokhala ndipo simungathe kulipira nyumba, pokhala muli napo koma simukwanitsa zofunika monga chakudya ndi kutenthetsa m'nyumba, kapena mumapeza zochepa kwambiri moti kulipira kungavulaze umoyo wa mwana wanu. Kugwira ntchito sikukulepheretsani kupempha. Funso ndi lakuti mukalipira zofunika pamatsala zingati.

Tengani masitetimenti a akaunti iliyonse imene ili ndi dzina lanu, ngakhale ija munaiiwala yokhala ndi £2, ngakhalenso ya nonse awiri. Konzekerani a miyezi isanu ndi umodzi. Akaunti yobisika ikatulukira, amayamba kukayikira zonse zimene mwanena. Onjezani mapepala a malipiro a ku ntchito, kalata ya Universal Credit, pangano la lendi, mabilu a magetsi ndi gasi, ndi kalata ya aliyense amene akukusungani kapena kukupatsani chakudya, kaya ndi nyumba yobisalako, khonsolo, tchalitchi, mzikiti kapena mnzanu. Kalatayo inene zimene amakupatsani, kuyambira liti, ndiponso kuti sangathe kukulipirirani mapepala.

Kenako khalani pansi ndi cholembera, mudutse mzere uliwonse wa sitetimenti. Ndalama yaikulu iliyonse yolowa kapena yotuluka ifotokozedwe. Ife tili ndi zinthu zathu zimene mlendo sangazimvetse akaziona pa pepala. Ndalama ya chipereganyu ikalowa kamodzi, £800, iye amaona ngati muli ndi kopeza kwina. Lembani kuti ndi gulu losonkherana, anthu ake ndi angati, aliyense amaponya zingati, ndipo inapita ku chiyani. Ngati anthu ankasonkha za maliro kudzera mu akaunti yanu, sonyezani kuti zinatuluka zonse. Ndalama zotumiza kumudzi ndi chakhumi akhoza kuziona ngati zosafunika kwenikweni. Musazibise, koma nenani zoona: ngati ndi fizi ya mwana wanu amene munamusiya ndi agogo, kapena mankhwala a mayi anu, lembani choncho ndipo ikani umboni. Ngati mnzanu uja ndiye anali kugwiritsa ntchito khadi lanu, nenaninso, chifukwa umenewo ndi umboni wa nkhanza komanso wa umphawi nthawi imodzi.

Pomaliza lembani tsamba limodzi: zolowa pamwezi mbali ino, zotuluka mbali inayo, chotsala pansi. Ziwerengerozo zigwirizane ndi za m'masitetimenti.

Ndikupemphani ndi mtima wonse, musathamangire kukongola £3,029 musanayese njira imeneyi. Ena amakongola poganiza kuti wolipira amayankhidwa bwino. Nkhani yanu imaweruzidwa pa umboni wa nkhanza, osati pa kulipira.

Chachisanu ndi chitatu: tumizani SET(DV)

Fomu imalembedwa pa intaneti, ndipo pempho lochotseredwa malipiro limapita nayo limodzi. Ana amene mukuwasamalira alowe m'pempho lomwelo. Pa njira imeneyi simulemba mayeso a Life in the UK kapena a Chingerezi, ndipo simulipira ndalama ya zachipatala ija yotchedwa IHS. Adzakuitanani kukajambulitsa nkhope ndi zala. Posankha tsiku fufuzani nthawi zaulere, chifukwa zina ndi zolipira. Yankho limabwera kawirikawiri mkati mwa miyezi isanu ndi umodzi. Musatuluke m'dziko mukudikira, ngakhale kutagwa maliro, musanafunse loya, chifukwa kutuluka kumachititsa kuti pempho lionedwe ngati mwalibweza.

Pali amayi ena amene amuna awo anawatenga ulendo wokaona abale ku Lilongwe, Lusaka kapena Harare, n'kuwasiya komweko atawalanda pasipoti. Kuyambira pa 31 Januwale 2024, wosiyidwa kunja motere, ngati anali pa viza ya banja ya mtundu uja, angathe kupempha ali komweko kuti abwerere ndi chilolezo chokhazikika, ndipo angapemphenso kuchotseredwa malipiro. Amasiye amene mnzawo wamwalira ali pa viza ya banja nawonso, kuyambira mu Okutobala 2024, angapemphe ILR osalipira ngati ali pa umphawi.

Ngati ndinu wothawa kwanu

Amene anavomerezedwa n'kupatsidwa zaka zisanu amapempha ILR kwaulere, popanda mayeso a Chingerezi kapena a Life in the UK. Pempho limatumizidwa m'mwezi womaliza wa zaka zisanuzo. Munthu akakuuzani kuti pali ndalama ya boma yoti mulipire pa fomu imeneyi, akukuberani. Choopsa chachikulu ndi kuchedwa: chilolezo chikatha musanapemphe, bwana ku ntchito, landilodi ndi a Universal Credit onse amayamba kufunsa, ndipo ndalama zimaima.

Musakonzetse pasipoti ya dziko limene munathawa ndipo musapiteko. Pa nthawi ya ILR Home Office imaonanso ngati mukufunikabe chitetezo, ndipo ulendo umodzi wokha ungagwetse zonse.

Werengani bwino kalata yanu kuti muone zaka zimene munapatsidwa, chifukwa malamulo a gawo lino akusintha. Mu Novembala 2025 nduna ya za m'dziko, Shabana Mahmood, inalengeza ndondomeko yoti othawa kwawo azipatsidwa miyezi 30 yokha n'kumaunikidwanso, ndipo azidikira zaka 20 asanakhazikike. Mu Sepitembala 2025 boma linaimitsanso njira yaulere imene othawa kwawo ankaitanitsira akazi, amuna ndi ana awo. Zimene zinachitikira mnzanu zaka zitatu zapitazo sizingakhale zofanana ndi zanu, choncho funsani ku Refugee Council kapena kwa loya musanawerengere masiku.

Ngati mudakali kudikira yankho la pempho la chitetezo, muli pa pempho la mwamuna wanu ndipo akukuzunzani, imbani ku Migrant Help pa 0808 8010 503. Home Office ingathe kukusamutsani kapena kukulipirirani malo m'nyumba yobisalako, ndipo mungathe kupempha chitetezo panokha.

Ndalama yaikulu kwa wothawa kwawo imabwera pa unzika. Mu 2025 munthu wamkulu ankalipira £1,605, n'kuwonjezeraponso £130 ya mwambo wolumbira, ndipo akuluakulu sachotseredwa. Kuyambira pa 10 Febuluwale 2025, amene analowa m'dziko mosatsata malamulo, monga pa bwato kapena mobisala m'galimoto, kawirikawiri amakanidwa unzika ngakhale papite zaka zambiri, ndipo akakukanani £1,605 ija sibwerera. Musalipire musanafunse. Ana ndi osiyana: kuyambira mu 2022 makolo osauka angapemphe kuti mwana alembetsedwe unzika osalipira.

Ngati muli pa njira ya zaka khumi

Kuno ndi kumene amathera ambiri amene SET(DV) inawakana, makamaka amayi amene apatsidwa chilolezo chifukwa cha mwana. Chilolezo chimaperekedwa cha miyezi 30, kanayi, kenako ILR. Pa mitengo ya 2025, ulendo uliwonse ndi £1,321 ya fomu ndi £2,587.50 ya IHS, pamodzi £3,908.50 pa munthu wamkulu mmodzi.

Ndalama zimenezi zikhoza kuchotsedwa, zonse kapena gawo lake, koma dongosolo lake ndi losiyana ndi la SET(DV). Mumayamba mwatumiza pempho lochotseredwa malipiro, lotchedwa fee waiver, palokha pa intaneti, viza isanathe, ndi umboni wonga umene ndafotokoza uja wa miyezi isanu ndi umodzi. Mukamadikira yankho viza ikatha, ufulu wanu umapitirira. Akakuyankhani muli ndi masiku khumi ogwira ntchito oti mutumize fomu yeniyeniyo. Masiku khumi amenewa ndi amene agwetsa anthu ambiri, chifukwa imelo inalowa mu spam kapena inapita kwa mlangizi amene sanawauze. Yang'anani imelo tsiku lililonse. Ngati akana, masiku ndi khumi omwewo, ndipo pofika pamenepo mufunika kukhala mutadziwa kale kumene mungapeze ndalama kapena loya woti atsutse chigamulocho.

Ngati chilolezo chanu chili ndi NRPF ndipo zinthu zathina, pali pempho laulere lotchedwa change of conditions loti akuchotsereni lamulolo. Mabungwe monga The Unity Project ndi Project 17 amathandiza pa zimenezi.

Chopinga chenicheni chili kumapeto. Pa njira ya zaka khumi, ILR ilibe kuchotseredwa malipiro. Munthu amatha kukwanitsa zaka zonse khumi mokhulupirika n'kulephera £3,029 yomaliza. Zikatero musalole viza kutha: pemphani miyezi ina 30 ndi fee waiver, kuti mukhalebe movomerezeka mukusonkhanitsa ndalama. Nthawi yabwino yoyamba kusunga ndi mutangolandira chilolezo chachinayi. £3,029 ya mu 2025 ija mukaigawa pa miyezi 30 ndi pafupifupi £101 pamwezi, ndipo onjezanipo ya mayeso a Life in the UK, amene ndi £50, ya mayeso a Chingerezi, ndi kena kake poti mtengo udzakhala utakwera. Dziwani kuti ndalama zosungidwa zimaoneka mukamapempha fee waiver, n'chifukwa chake kusunga kwambiri kumayenera bwino m'chigawo chomalizachi. Ngati m'banja muli anthu angapo ndipo ndalama ikukwana mmodzi, funsani loya kuti ayambe ndani. Nthawi zina mwana wobadwira ku Britain amene wakwanitsa zaka khumi ali m'dzikomo amakhala ndi ufulu wa unzika, ndipo safunikanso ILR.

Ngati mwafika pokongola, pitani ku credit union, bungwe losunga ndi kukongoza ndalama mamembala ake, ya dera lanu, kumene lamulo sililola chiwongoladzanja choposa 3 peresenti pamwezi ku England, Scotland ndi Wales. Akatapila aliponso kumeneko, ndipo ena ndi anthu akwathu omwe, amene amatenga pasipoti kapena khadi la ku banki ngati chikole. Kukongoza ndalama ngati bizinesi popanda chilolezo ndi mlandu wa wokongozayo, osati wanu. Ngati wina wakugwirani kale motere ku England, imbani ku Stop Loan Sharks pa 0300 555 2222, ndipo simukakamizidwa kutchula dzina lanu.